Masewero Amene Aliyense Ankafuna Kuluza

Amene anayamba kundiuza anali bambo anga. Anandiimbira foni ndili pamzere wa chakudya ku kafeteriya ya koleji, ndipo ngakhale moni sanapereke.

"Marnie, waona mmene ligi yaimira?"

"Ndaona, adadi. Tikawina Loweruka tikhala achitatu."

"Eya, vuto lake ndi limenelo. Musawine."

Ndinayesa ndamva molakwika chifukwa cha phokoso la mbale. Bambo anga ndi mlimi wa chimanga ndi nkhumba, munthu woti ngakhale mdzukulu wake wamng'ono samulola kuti amudye pa drafuti. Lero ndi amene ankandiuza ine, kaputeni wa timu ya atsikana ya basiketibo ya Corwith, kuti tikagonje.

Nkhani yake inali yotere. Ligi yathu ya makoleji aang'onoang'ono kuno ku Iowa ikatha, matimu apamwamba amalowa mpikisano wa chipulula, ndipo wotenga chikho amapita kukasewera ndi akatswiri a dziko lonse. Ife ndi a Ellery tinali pamlingo umodzi, ndipo masewero otsiriza a ligi anali a ife ndi iwowo, kwawo. Wopambana akhala wachitatu, wogonja wachinayi. Mu semifainolo wachinayi amakumana ndi woyamba, wachitatu ndi wachiwiri. Zaka zonse aliyense amathawa woyamba. Koma chaka chimenecho oyambawo, a Brandvold, anali atangotaya mtsikana amene ankasenza timu yonse, ataduka mtsempha wa bondo, ndipo ankayenda ngati galimoto yophwa tayala. Chilombo chinali achiwiri, a Saint Odile. Anali atatikwapula kale kawiri, ulendo wachiwiriwo pabwalo lathu lomwe, mpaka ochemerera athu anayamba kuvala majasi masewero asanathe.

"Ndiye waona, mwanawe," anatero bambo anga. "Mukaluza, njira ya ku fainolo ili pululu. Mukawina, mwadziponya nokha m'kamwa mwa ng'ona."

Pofika mawa lake tauni yonse inali itadziwa. Mayi wogulitsa khofi pafupi ndi geti la koleji anandipatsa kapu yanga n'kunditsinzinira diso. "Osalimbikira kwambiri Loweruka, wamva?" M'chipinda chathu chovalira, mnzanga Shondra Pettway anakwera pabenchi, thaulo lili paphewa.

"Azichemwali, nthawi yanga yakwana," anatero. "Moyo wanga wonse akhala akundikalipira chifukwa chophonya. Lero luso langa lapeza ntchito."

Tinaseka tonse, koma kuseka kwake kunali koyang'anana. Palibe ankadziwa ngati mnzake akuseka nthabwala kapena akuvomera.

Amene ankadziwa zoti tichite anali a Kochi Hollis okha, ndipo iwo sanatsegule pakamwa. A Verna Hollis anali mayi wa imvi zometa mwachidule, wosakonda kulankhula, amene ankangotafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kakapu kapepala. Anali atandiphunzitsa zaka zinayi, koma nkhope yawo sindinaithe kuiwerenga. Sabata imeneyo ndinawalonda ngati mphaka pa una wa mbewa. Tsiku lina anapatsa osewera a pabenchi nthawi yaitali yoyeserera, ine mumtima ndinati basi, zadziwika. Mawa lake anatithamangitsa ife asanu oyambirira kulowa m'bwalo mpaka Shondra anagona chagada pansi n'kumapempha madzi, ndipo ndinabwereranso poyambira.

Nditatopa nazo ndinapita ku ofesi yawo. Ndinawapeza akuonera filimu ya masewero a Ellery, miyendo ili patebulo.

"A Kochi, Loweruka tikukawina kapena ayi?"

Analavulira khoko m'kapu muja osandiyang'ana. "Iwe ukufuna chiyani?"

Funso limenelo sindinalikonzekere. Chinali chaka changa chomaliza. Ndinali ndisanapiteko ku mpikisano wa dziko lonse, ndipo ndinkaulakalaka mpaka kuulota. Komanso chiyambire kugwira mpira ndili ndi mano a mkaka, ndinali ndisanalowepo m'bwalo ndi mtima wofuna kugonja, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti zimenezo munthu amazichita bwanji. Umaponya mokhotetsa? Umathamanga ngati wavala nsapato za eni?

"Sindikudziwa," ndinayankha.

"Chabwino. Basi inyamuka m'mawa. Usachedwe."

Loweruka kunacha kozizira koopsa, minda yonse ya m'mbali mwa msewu ili mbuu ndi sinowo, chipale chofewa chogwa nthawi yozizira, mapesi akale akungosuzumira. Kumbuyo kwanga kunakhala Lacey Brubaker, akuwerenga buku lake la unamwino. Lacey tinalowa naye koleji chaka chimodzi. Palibe anamuitana ku timu, anangobwera yekha tsiku loyesa anthu, a Kochi n'kumulola kukhala mu timu. Zaka zinayi zonse malo ake anali kumapeto kwa benchi, ndipo ankalowa pokhapokha masewero atatha kale m'mitima ya anthu. Ndinatembenuka.

"Lacey, iwe ukuti bwanji? Tiwine?"

"Ukundifunsa ine?" anaseka. "Funsa mpando ndimakhalirawo, mwina uli ndi maganizo."

Holo ya Ellery ndi yakale, ya denga lotsika, yonunkhira mbuliwuli ndi majasi onyowa. Inali itadzaza thothotho, bandi yawo ikuomba malipenga pakona. Tili mkati motenthetsa thupi, Shondra anandigunda ndi chigongono.

"Taona uko, mwana."

Atsikana asanu a Ellery amene tinawaonera pafilimu sabata yonse anali atakhala pabenchi, majekete atatseka mpaka m'khosi. Wowopsa kwambiri mwa iwo anali atamanga ayisi pabondo, koma nyimbo ikalira ankagwedeza mwendo womwewo. Mphunzitsi wawo, a Rasmussen, ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

"Atipitirira," anatero Shondra. "Anthuwa abwera kudzaluza pakhomo pawo pomwe."

Ndinayang'ana a Kochi Hollis. Nawonso anali ataona. Anasiya kutafuna kwa kanthawi, kenako anatiitana.

"Oyambirira ndi anthawi zonse. Kasewereni mpira."

Chigawo choyamba chija sindidzachiiwala. A Ellery analowetsa ana a chaka choyamba ndi ena amene mayina awo sitinkawadziwa. Ndinamwetsa basiketi yoyamba mosavuta, ndipo holo yonse inawomba m'manja. Anthu a Ellery, ovala malaya a Ellery, akundiwombera m'manja ine. Mkulu wina wa ndevu pamzere wakutsogolo anafuula, "Ponyanso, mwana wanga, usatope!" Shondra ataphonya, anyamata a bandi anamukuwiza: "Iwe, tachita zenizeni! Tikudalira iwe!" Shondra anaima pakati pa bwalo, pakamwa pali yasa.

Mapointsi athu ankangokwera. Sizinkakoma. Zinali ngati kukankha chitseko ndi mphamvu zonse n'kupeza kuti sichinakhomedwe.

Koma panali kamtsikana kamodzi ka Ellery, kafupi, ka tsitsi lomanga kumbuyo, kolembedwa Ocampo pamsana. Ameneyo zoti akuluakulu agwirizana chiyani analibe nazo ntchito. Ankandimata ngati nkhupakupa. Mpira utagwera pansi anadziponya chamimba n'kusupuka chigongono. Nditamudutsa n'kumwetsa, anthu akwawo n'kuwombanso m'manja, ndinamuona akupukuta m'maso ndi kolala ya jezi. Sanali misozi ya ululu wa chigongono.

"Akukusekani ndi anthu anu omwe," ndinamunong'oneza tikudikira mpira. Sindikudziwa chimene ndinanenera zimenezo.

"Tseka pakamwa usewere," anandiyankha.

Chigawo chitatha tinapita kubenchi tikutsogola ndi mapointsi pafupifupi makumi awiri. A Kochi sanatiyang'ane ife. Maso awo anali pa Ocampo, amene anali kukalipira anzake kutsidya, magazi akuyenderera pamkono. Kenako anatembenukira kumapeto kwa benchi yathu.

"Brubaker, vula jekete. Ndi inu anayi muli pambali pakepo. Nonse lowani."

Lacey anayang'ana kumbuyo ngati pali Brubaker wina.

"A Kochi," ndinatero, "nanga ife?"

"Khalani pansi."

"Mpaka liti?"

"Khala pansi, Marnie."

Ndinakhala. Mutu unkangozungulira. Kodi uku ndiko kuluza kuja, kochita mwaulemu? Kapena akungofuna kutipumitsa? Kapena akumubwezera Rasmussen chipongwe chake? Anthu a m'holo nawo anazindikira. Kuwomba m'manja kuja kunasanduka kukuwiza. "Manyazi, Hollis! Pambana masewero ako!" Shondra anagwira mimba ndi kuseka. "Anthu awa! Akutikalipira chifukwa tikukana kuwamenya!"

Koma atsikana khumi amene anali m'bwalo sankamva zonsezo. Mpira wake sunali wokongola, ndisaname. Ankaponyerana mokhota, kugwa, kugundana mitu, woyimbira akungoliza wezulo. Koma unali mpira weniweni, wa anthu amene adikira zaka kuti thukuta lawo liwerengedwe. Ocampo analanda mpira kawiri motsatizana n'kumwetsa. Wathu wina wa chaka choyamba, amene ankaopa ngakhale kulankhula pa chakudya, anatchinga mpira wa munthu womuposa msinkhu mpaka unakagwera m'bandi. Lacey ankalamula anzake ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

Popuma pa theka tinali tikutsogolabe, koma pang'ono. M'chipinda chovalira a Kochi analankhula ndi asanu aja okha, kuwajambulira pabolodi mmene angamutsekere Ocampo. Ankalankhula mwamphamvu, ngati ndi fainolo. Ndinawayang'anitsitsa. Munthu wofuna kuluza angavutike chonchi? Koma munthu wofuna kuwina angasiye osewera ake asanu abwino atakhala ngati alendo a pa ukwati?

Chigawo chachitatu a Ellery anatipeza. Ocampo anaponya wakutali, mpira unazungulira pamlomo pa dengu n'kulowa, ndipo holo inaphulika. Anthu aja anaiwala masamu awo onse. Mkulu wa ndevu amene ankandichemerera uja anali ataimirira pampando, akumenya chipewa chake pantchafu, akukuwa dzina la Ocampo. Oyambirira a Ellery anali atavula majekete. Wa ayisi uja anataya ayisi wake n'kumakoka a Rasmussen dzanja kuti amulowetse. A Rasmussen anapukusa mutu, nkhope ili gwaa, koma ndinaona kuti nawonso phazi lawo linkaponda mzere wa bwalo mpira ukapita m'mwamba.

Ifenso tinali titaimirira. Sindikumbuka kuti ndinaimirira liti. Mawu anga anasasa. Shondra anagwada pamaso pa a Kochi.

"A Kochi, chonde, ndilowetseni. Sindiphonyanso, ndalapa."

"Choka apa, ukunditchinga."

Ndinakumbukira bambo anga, amene ndinkadziwa kuti akumvera pa wailesi m'khola la nkhumba, ndipo ndinadzifunsa kuti akuchemerera mbali iti. Ine mwini funso lija la mu ofesi linali litayankhika lokha. Ndinkafuna Lacey awine, kaya kutsogoloko kuli Saint Odile kaya chiyani.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, a Ellery ankatsogola ndi pointi imodzi, mpira uli wathu. Zimene a Kochi anajambula zinasokonekera pomwepo, wina ataterereka. Mpira unagubuduka n'kufika kwa Lacey. Panalibe woti amupatsire. Anaweramitsa mutu n'kulunjika ku dengu, Ocampo anamugwira mkono, wezulo inalira. Mipira iwiri yaulere, uliwonse wa pointi imodzi, wotchi itatsala pang'onong'ono kufa.

Apa m'pamene anthu anakumbukira. Phokoso lija linazima pang'onopang'ono ngati moto wothiridwa madzi. Ena a Ellery anayamba kugwedeza manja kuti amusokoneze, anzawo n'kuwakoka malaya kuti akhale pansi. Palibe ankadziwa chopempherera. Akalowetsa yonse, Corwith yawina n'kupita kwa Saint Odile. Akaphonya, njira ija ya bambo anga yatseguka, ndipo palibe angamunene, pakuti ndani amayembekeza kanthu kwa munthu wa kumapeto kwa benchi?

Lacey anaima pamzere. Woyimbira anamupatsa mpira. M'malo moyang'ana dengu, anatembenuza mutu n'kuyang'ana a Kochi.

Holo inali chete moti tonse tinamva yankho.

"Ukuyang'ana ine bwanji? Dengu lili uko."

Woyamba unagunda chitsulo chakutsogolo, n'kudumpha, n'kugwera mkati. Wachiwiri sunakhudze chilichonse, unangomveka kuti thwee mu ukonde. Ocampo anathamanga nawo mpira mpaka pakati pa bwalo n'kuuponya ndi mphamvu zake zonse, koma unakagunda bolodi belu likulira.

Tinamugwera Lacey tonse mpaka anakuwa kuti tikumuthyola nthiti. Anthu a Ellery anayamba kutuluka mosokonezeka, ena akuseka, ena akutukwana, ena akuchita zonse ziwiri. Popatsana manja, Ocampo anandifinya dzanja kwambiri.

"Ukanalowanso ndikanakuonetsa," anatero.

"Ndikudziwa," ndinamuyankha, ndipo sindinkanama.

Pobwerera basi inaima pa kamalo kodyera m'mbali mwa msewu, a Kochi n'kutigulira masangweji a nyama ya nkhumba, aja nyama yake imaposa buledi. Ndinakhala moyang'anana ndi Lacey. Analuma sangweji yake n'kutayira ketchapu pajekete.

"Umayang'aniranji a Kochi?" ndinamufunsa.

"Ndimafuna ndione ngati andiuze kuti ndiphonye."

"Akanakuuza?"

Anatafuna kwa nthawi. "Ndikanawamvera mwina. Kenako ndikanasiya jezi yawo pabenchi pomwepo n'kubwerera wapansi."

Bambo anga anaimba tili pomwepo. "Mwachita zopusa," anatero. Kenako anatsokomola. "Koma kamtsikana kaja kaponya bwino. Ndinakuwa mpaka nkhumba zinabalalika. Umupatse moni."

Sabata yotsatira tinadutsa ndime yoyamba ya chipulula, n'kukakumana ndi Saint Odile mu semifainolo. Tinawavuta kuposa kale lonse, mpaka mphunzitsi wawo anavula tayi, koma pomaliza anatigonjetsa. A Ellery anadutsa Brandvold monga mmene aliyense ananenera, n'kukafika mu fainolo, komwe Saint Odile inawapondaponda. Ku mpikisano wa dziko lonse sindinapiteko. Ndinalira m'chipinda chovalira, nsapato zili kuphazi, mpaka onse anatuluka.

Sinowo itayamba kusungunuka ndinapita kukabweza jezi yanga. A Kochi anali mu ofesi, akulongedza mipira m'thumba. Popeza tsopano sakanandithamangitsanso, ndinalimba mtima.

"A Kochi, ndiuzeni zoona. Tsiku lija ku Ellery, mmene munkatitulutsa, munkafuna tiwine kapena tiluze?"

Anamanga thumba lija, n'kukhala pampando.

"Sabata yonse ija sindinagone bwino," anatero. "Ndikati tiluze, ndimadzinyansa. Ndikati tiwine, ndimaona nkhope yako ndi za anzako a chaka chomaliza. Mpaka tikukwera basi ndinali ndisanasankhe."

"Ndiye munasankha liti?"

"Sindinasankhe. Ndinaona kamtsikana ka Rasmussen kaja kakudziponya pansi, ndiye ndinayang'ana kumapeto kwa benchi yanga. Zaka zinayi ndakhala ndi Brubaker, koma sindinkadziwa kuti angatani masewero atakhala ake. Ndinangofuna ndione."

"Basi? Kungofuna kuona?"

"Basi."

"Nanga akanaluza ndi mapointsi makumi atatu?"

"Ndikanaona zimenezo."

Ndinkafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. A Kochi analandira jezi ija, n'kuitambasula, n'kuona pamene ndinasoka ndekha ndi ulusi wosiyana mtundu.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Inang'ambika, a Kochi."

"Ukanandiuza tikanakupatsa ina." Anaipinda n'kundiponyera. "Tenga, palibe angavale zoterezi. Tandithandiza kunyamula thumbali, msana wanga wayambanso."

Ndinagwira mbali imodzi, iwo ina, tinatuluka nalo kupita ku chipinda chosungiramo zipangizo.